Kodi Tulo ndi Malikisi Zimayendera Limodzi? Kachitidwe ka Kafukufuku wa Correlation

Mphunzitsi wa sekondale yoyendera ya m'mbali mwa nyanja, kaya ku Chipoka, ku Senga Bay kapena ku Chia, amamudziwa mnyamata wa Fomu 3 amene piriyodi yachiwiri isanathe mutu wagwera kale pa desiki. Mukafufuza mumva kuti usiku anali ku kauni, usodzi wa nyali, kukoka khoka la chilimira, kapena anachezera padoko kudikira usipa. Teremu ikatha malikisi ake ali pansi, ndipo aphunzitsi mlandu amaugamula msanga: "Ana awa akulephera chifukwa sagona."

M'chiganizo chimenechi mwabisala mafunso awiri. Loyamba: kodi n'zoona kuti ana ogona pang'ono ndiwo amapeza malikisi ochepa, kapena tangokumbukira awiri atatu amene amatikwiyitsa? Lachiwiri: ngati n'zoona, kodi kusagonako ndiye gwero lake? Njira ya correlation, yoyeza ngati zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, imayankha funso loyamba. Lachiwirilo likanayankhidwa bwino mukanatenga ana 60, n'kuwagawa pawiri mwamaere, ena muziwagoneka maola 8, ena muziwadzutsa pakati pa usiku teremu yonse. Palibe kholo kapena komiti ya kafukufuku ingakuloleni. N'chifukwa chake akatswiri a saikoloje, ofufuza za maganizo ndi khalidwe la anthu, amadalira kwambiri correlation: nkhanza za pabanja, umasiye, uchidakwa, nkhawa, zonsezi simungamupatse munthu dala kuti muone zotsatira. Mumayeza zimene zilipo kale, n'kuona ngati zikuyendera limodzi.

Nambala yotchedwa r

Zotsatira zake zimakhala nambala imodzi, r, imene siingapitirire +1 kapena kutsika kuposa −1. Ikakhala ya pulasi, zinthu ziwirizo zimakwera limodzi: tulo tambiri, malikisi ambiri. Ikakhala ya mainasi, china chikamakwera chinzake chimatsika: mtunda wautali wopita kusukulu, masiku ochepa opezeka m'kalasi. Ikayandikira 0, kawirikawiri kudziwa chimodzi sikukuthandizani kulosera chinzake. Chizindikiro chimangonena kumene zinthu zalowera, mphamvu ili pa kukula kwa nambala, motero −0.6 ndi yamphamvu kuposa +0.3.

Francis Galton ndiye anafotokoza ganizoli mu 1888 poyerekeza kutalika kwa ziwalo za thupi monga mkono ndi msinkhu. Karl Pearson anakonza kawerengedwe kamene tikugwiritsa ntchito lero mu 1896, ndipo mu 1904 Charles Spearman, yemwe anali wa saikoloje, anabweretsa njira yogwiritsa ntchito malo a munthu pamndandanda. Mayina a Pearson ndi Spearman muwakumbukire, chifukwa pa kompyuta mudzafunika kusankha mmodzi.

Sandutsani funso kukhala manambala awiri pa munthu aliyense

Apa ndi pamene kafukufuku amafera nthawi zambiri, masamu asanayambe n'komwe. Munthu aliyense ayenera kukupatsani manambala awiri, ndipo nambala iliyonse mulembe pasadakhale mmene muipezere.

Tengani tulo. Mukafunsa mwana kuti "Umagona maola angati?" adzakuyankhani 8, poti ndi zimene anaphunzira ku pulayimale. Chofunika ndi kapepala ka masiku 7 kokhala ndi mizere iwiri: nthawi imene anagona, nthawi imene anadzuka. Azilemba m'mawa uliwonse akangofika m'kalasi, inu muzitolera tsiku lomwelo, kenako mupeze avereji ya maola a masiku onsewo. Ambiri alibe wotchi, choncho gwirizanani zizindikiro zimene nthawi yake inuyo mukuidziwa: nkhani za pawailesi, kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha, nthawi ya pafoni ya makolo. Onaninso kumwamba. Kauni amadalira mdima, ndiye sabata ya mwezi wowala ana a asodzi amagona mosiyana ndi sabata ya mdima. Mwera wa mu June ndi July ukalusa, mabwato amakhala kumtunda ndipo aliyense amagona. Mukayeza sabata ya mwera mudzapeza kuti ana onse amagona mofanana, n'kulemba zabodza mosadziwa. Ngati mungathe, yezani masabata awiri, ya mdima ndi ya mwezi.

Malikisi akhale a mayeso amodzi, olembedwa tsiku limodzi, ochongedwa ndi munthu mmodzi amene sanaone timapepala ta tulo. Musasakanize 60 wa sukulu ina ndi 60 wa sukulu inzake, poti aphunzitsi ena dzanja lawo n'lofewa. Chenjeraninso ndi magiredi a MSCE: kumeneko 1 ndiye wapamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo wa mapointi 12 wakhoza kuposa wa mapointi 30. Mukagwiritsa ntchito mapointi, r wa mainasi ndiye akutanthauza kuti ogona bwino akukhoza. Ophunzira ambiri a ku koleji amatembenuza tanthauzo pomwepa.

Zinthu za mumtima monga nkhawa ndi kuganiza kwambiri siziyezedwa ndi funso limodzi. Pamafunika mafunso angapo amene mayankho ake amaphatikizidwa. Musathamangire kupeka anu. SRQ-20 ya bungwe la WHO ili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi okhudza masiku 30 apitawo, ndipo inamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa muno m'Malawi, makamaka pa amayi. PHQ-9 ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, lililonse kuyambira 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27. Ngati mukumasulira nokha mafunso ena, wina amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone a Chingerezi abwezere ku Chingerezi, muone pamene tanthauzo lasokonekera. Kenako yesani pa anthu 10 kapena 15 a dera lomwelo, muziwafunsa kuti funso lililonse alimva bwanji. Ku Salima kunyanja kuli mabanja olankhula Chiyao, ndipo kumpoto kwa Nkhotakota cha ku Dwangwa mupeza Chitonga, ndiye mawu amene inu mukuti ndi apafupi ena awamva mwina.

Kulimbikira kotereku kuli ndi chifukwa cha masamu. Muyezo wogwedera umachepetsa r. Kudalirika kwa mafunso kumayezedwa ndi nambala yotchedwa alpha, imene Lee Cronbach anaifotokoza mu 1951, ndipo ambiri amafuna ifike 0.7. Tinene kuti kuyenderana kwenikweni kwa zinthu ziwiri ndi 0.5. Miyezo yanu yonse iwiri ikakhala yodalirika pa 0.8, mudzapeza pafupifupi 0.4. Ikakhala pa 0.6, mudzapeza 0.3. Chinthu chimene chilipo ndithu chingazimiririke chifukwa cha mafunso osalongosoka.

Anthu angati, ndipo ati

Kuchuluka kwa anthu kumadalira kukula kwa r amene mukuyembekezera. Kuti mukhale ndi mwayi wa 80 pa 100 wopeza kuyenderana kumene kulipodi, r wa 0.5 amafuna anthu pafupifupi 30, wa 0.3 amafuna pafupifupi 85, wa 0.1 amafuna pafupifupi 780. Mu saikoloje zinthu zambiri zimagwera pakati pa 0.1 ndi 0.3, choncho kalasi imodzi ya ana 40 kawirikawiri siikwana. Konzekerani 100, poti ena adzajomba, ena adzataya timapepala.

Sankhani kuchokera mu kaundula wa sukulu, osati kwa amene akweza manja. Lembani manambala a mu kaundula pa timapepala, muponye mu ndowa, wina azitola osayang'ana. Amene wajomba tsiku limenelo mumutsatire mawa lake. Ojombawo mwina ndi omwewo ochezera kunyanja, ndipo mukawasiya mwadula mbali yeniyeni ya nkhani yanu.

Kudula mbali kotereku kumachitikanso mwa njira ina imene ambiri saiona. Ana okhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8 amasankhidwira ku masekondale akuluakulu, ndipo ofooka kwambiri sapita n'komwe ku sekondale. Otsala pa CDSS amakhala oyandikana nzeru. Kusukulu yogonera konko belu limagoneka onse nthawi imodzi. Gulu likakhala la anthu ofanana chonchi r amatsika, ngakhale kuti mwa achinyamata onse a m'boma kuyenderanako n'kwakukulu. Simungaone ngati msinkhu umayenderana ndi kulemera mutayeza anthu a msinkhu umodzi okhaokha.

Za chilolezo tinene mwachidule, koma musazilumphe. Kafukufuku wa pa anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti: ya kuyunivesite kwanu, kapena NCRSH, yoona za kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, ya pansi pa National Commission for Science and Technology, kapena NHSRC ngati nkhani ndi ya zaumoyo. Kenako mudzere ku ofesi ya maphunziro ya boma, kwa ahedi, ndi kwa amfumu ngati mulowe m'midzi. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo, nayenso avomere yekha. Pa mapepala lembani nambala, mayina akhale m'buku lina lotsekeredwa. SRQ-20 ndi PHQ-9 zonse zili ndi funso la maganizo ofuna kudzipha. Musanafunse munthu woyamba, gwirizanani ndi wa zaumoyo woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma kuti amene wayankha inde mumutumiza kwa ndani tsiku lomwelo.

Jambulani kaye, muwerengere pambuyo

Manambala otsatirawa ndi ongopeka, ophunzirira kawerengedwe basi. Ana 6, maola a tulo ndi malikisi pa 20:

Mwana A: maola 4, malikisi 8
Mwana B: maola 5, malikisi 12
Mwana C: maola 6, malikisi 10
Mwana D: maola 6, malikisi 14
Mwana E: maola 7, malikisi 12
Mwana F: maola 8, malikisi 16

Tengani pepala la galafu. Mzere wogona ukhale wa maola, woimirira wa malikisi, mwana aliyense kadontho kamodzi. Mudzaona timadontho tikukwera kuchokera kumanzere pansi kupita kumanja m'mwamba, koma osati pamzere umodzi: C ndi D anagona mofanana koma akusiyana ndi malikisi 4.

Tsopano masamu. Avereji ya maola ndi 36 kugawa ndi 6, ndiye 6. Avereji ya malikisi ndi 72 kugawa ndi 6, ndiye 12. Pa mwana aliyense chotserani avereji pa nambala yake. Za maola zituluka −2, −1, 0, 0, +1, +2. Za malikisi zituluka −4, 0, −2, +2, 0, +4. Chulukitsani ziwiri za mwana mmodzi: A ndi −2 kuchulukitsa ndi −4, ndiye 8; B, C, D ndi E onse apereka 0; F ndi 2 kuchulukitsa ndi 4, ndiye 8. Kuphatikiza, 16. Nambala imeneyi ndiye mtima wa r. Mwana amene ali pansi pa avereji mbali zonse ziwiri, kapena pamwamba mbali zonse ziwiri, amaikweza. Amene ali pamwamba kwina, pansi kwina, amaitsitsa.

Chatsala ndi kuika 16 uja pa muyezo wa −1 mpaka +1. Kusiyana kulikonse kwa maola kuchulukitseni ndi iko komwe: 4, 1, 0, 0, 1, 4, zonse 10. Chimodzimodzi kwa malikisi: 16, 0, 4, 4, 0, 16, zonse 40. Chulukitsani 10 ndi 40, mupeza 400, ndipo square root yake ndi 20. Gawani 16 ndi 20: r ndi 0.8.

Chitani pamanja kamodzi kuti mudziwe chimene makina akuchita. Zikatero, mu Excel kapena Google Sheets ikani maola mu kolamu B, malikisi mu C, mulembe =CORREL(B2:B7,C2:C7). Kakyuleta ya sayansi ya kusekondale nayo imapereka r mukalowa ku REG kapena STAT. Mapulogalamu a jamovi, JASP ndi PSPP ndi aulere ndipo amaperekanso p, nambala yothandiza kuona ngati r sanangotuluka mwangozi, pamodzi ndi galafu. Zolakwika zitatu zimabwerabwera pa kompyuta: kulemba 0 kapena 99 pamene munthu sanayankhe, makina n'kuziwerenga ngati yankho lenileni, kusanja kolamu imodzi yokha, tulo ta mwana A n'kukakhala pa malikisi a mwana F, ndi kulemba 65 m'malo mwa 6.5. Mukamaliza kulowetsa, wina aziwerenga mokweza kuchokera pamapepala inu mukuyang'ana pa sikirini.

Mwana wa nambala 7

Onjezani mwana G: anagona maola 9, anapeza malikisi 2. Werengeraninso. r watsika kuchoka pa 0.8 kufika pafupifupi −0.21. Mwana mmodzi watembenuza nkhani yonse. Amene anangothamangira nambala adzalemba kuti tulo tilibe ntchito, mwinanso timawononga. Amene anajambula galafu aona pompo kadontho kali kokhakokha kumunsi kumanja, ndipo abwerera ku kapepala ka G. Mwina sabata imeneyo anadwala malungo, n'chifukwa chake ankagona kwambiri ndipo mayeso analemba akunjenjemera. Mwina wolowetsa manambala analemba 2 m'malo mwa 12.

Ngati ndi kulakwitsa polemba, konzani. Ngati ndi matenda, mungamuchotse pokhapokha munalemba kale kafukufuku asanayambe kuti odwala sabata imeneyo sadzawerengedwa. Ngati palibe chifukwa china koma kuti akukuwonongerani nambala yokongola, asachoke. Perekani zotsatira zonse ziwiri, ya ndi G ndi yopanda G. Kuchotsa anthu mwakachetechete mpaka r atakoma ndi chinyengo, ngakhale mutachita mosaganiza zoipa.

Mu 1973 Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11, onse r wake pafupifupi 0.82. Mukawajambula, loyamba ndi mtambo wokwera bwinobwino, lachiwiri ndi lopindika ngati uta, lachitatu ndi mzere wowongoka wokhala ndi kadontho kamodzi kosochera, lachinayi timadontho tonse taima pamalo amodzi kupatula kamodzi kakutali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimaoneka pa galafu pokha.

Kupindika kuja kumachitikadi mu saikoloje. r wa Pearson amayeza mzere wowongoka basi. Mantha a mayeso akakhala ochepa kwambiri mwana sawerenga, akakhala apakati amalimbikira, akachuluka mutu umaima. Ganizoli limatchulidwa ndi mayina a Yerkes ndi Dodson, amene anafufuza pa mbewa mu 1908. Timadontho tikapanga phiri chonchi, mbali yokwera ndi yotsika zimafafanizana, r n'kutuluka pafupi ndi 0 pamene kugwirizana kulipo kwamphamvu.

Spearman mumugwiritse ntchito ngati manambala anu ndi malo pamndandanda, monga nambala 1, 2, 3 m'kalasi, kapena mayankho a "ayi, nthawi zina, kawirikawiri, nthawi zonse", kapenanso ngati pali anthu ochepa otalikirana kwambiri ndi anzawo, monga zimakhalira ndi ndalama: mwini mabwato mmodzi pakati pa alovi, antchito a m'mabwato, 50. Kachitidwe kake n'kosavuta. Sanjani anthu kuyambira wotsika mpaka wokwera pa chinthu chilichonse, ofanana muwapatse avereji ya malo awo, kenako muwerengere r pa malowo. Mu Excel, RANK.AVG imakusanjirani.

Kodi nambalayo ndi yaikulu?

Jacob Cohen mu 1988 anapereka poyambira: 0.1 ndi yaing'ono, 0.3 yapakati, 0.5 yaikulu. Mu kafukufuku wa khalidwe la anthu, mukapeza 0.9 yambani mwadzikayikira, chifukwa kawirikawiri zikutanthauza kuti mwayeza chinthu chimodzi kawiri, monga mafunso a nkhawa ndi a kusowa tulo amene onse akufunsa za kugona.

r si peresenti. Muchulukitseni ndi iye yemwe kuti mudziwe gawo la kusiyana kwa malikisi limene likuyenderana ndi tulo. Pa 0.8 ndi 0.64, kapena kuti 64 pa 100. Pa 0.3 ndi 9 pa 100 pokha, 91 yotsalayo ili kwina: njala, mabuku, mphunzitsi, maso osaona bwino pa bolodi.

Palinso funso la mwayi. Pa anthu ochepa, r wamkulu angatuluke mwangozi. Pa muyezo wozolowereka wa p wochepera 0.05, anthu 6 amafuna r wopitirira 0.81, anthu 10 amafuna 0.63, anthu 30 amafuna 0.36, anthu 100 amafuna pafupifupi 0.20. Taonani kuti 0.8 wathu uja, ndi kukongola kwake konse, sanafike. Mbali inayo, pa anthu masauzande ngakhale 0.05 amadutsa muyezowu, koma palibe mphunzitsi angasinthe kaphunzitsidwe chifukwa cha iyeyo. p amangonena kuti nambala ngati yanuyo ikanavuta kutuluka pakanakhala kuti palibe kuyenderana kulikonse. Za kufunika kwake sanena kanthu.

Pewani kuponya khoka paliponse. Mukayeza zinthu 10 n'kuziyerekeza ziwiriziwiri, mukhala ndi ma r 45, ndipo awiri kapena kuposerapo angadutse muyezo mwamwayi chabe ngakhale pasakhale chilichonse. Lembani funso lanu lenileni m'buku ndi deti lake musanatolere manambala. Zina zotuluka m'mbali muzitchule kuti n'zongotola, zofunika kuyesedwanso pa gulu lina.

Chifukwa chake simunachipeze

Tinene kuti zonse mwachita bwino, pa ana 100 mwapeza 0.4. Aphunzitsi aja adzati, "Si tinanena?" Koma nambalayi ikugwirizana ndi nkhani zitatu zosiyana.

Mwina kusagona kukutsitsadi malikisi. Mwinanso zikuyenda chobwerera: mwana amene wakhala akulephera kuyambira Fomu 1 wataya mtima ndi sukulu, ndiye wasankha nyanja imene imamupatsa ndalama m'manja, kapena amagona mochedwa chifukwa cha nkhawa ya kulephera komweko. r sadziwa kuti chinayamba n'chiti, ndipo mukasinthanitsa makolamu B ndi C amatuluka yemweyo.

Nkhani yachitatu ndiyo yovuta: pali china chimene chikukoka zonse ziwiri. Banja losauka limatumiza mwana kunyanja usiku. Banja lomwelo lilibe nyali yowerengera, ndipo mwana amapita kusukulu osadya. Mutamugoneka maola 9 tsiku lililonse, njala ndi kusowa nyali zikhalapobe. Mtunda nawo ungachite zomwezo: wochokera kutali amadzuka 4 koloko, amafika mochedwa, piriyodi yoyamba ya masamu imamudutsa.

Mankhwala ake ndi kuganizira zinthu zachitatuzi musanapite kukafunsa, n'kuziyeza nazo. Za chuma musafunse ndalama, anthu sanena zoona ndipo za usodzi zimasintha ndi nyengo. Funsani ngati nyumba ndi ya malata, ngati pali njinga, wailesi, foni, ndiponso kuti dzulo anadya kangati. Kenako gwiritsani ntchito partial correlation, imene imaonetsa chotsala pakati pa tulo ndi malikisi mutachotsapo gawo la chuma. Mwachitsanzo chongopekanso: tulo ndi malikisi 0.4, chuma ndi tulo 0.6, chuma ndi malikisi 0.6. Chulukitsani 0.6 ndi 0.6, mupeza 0.36; chotserani pa 0.4, patsala 0.04, gawani ndi 0.64 (pa chitsanzo ichi ndi 1 kuchotsa 0.36), patsala pafupifupi 0.06. Kuyenderana kuja kunali pafupifupi konse kwa chuma. Ikanatsala 0.3, ganizo la tulo likanalimba. Komabe mumachotsa zokhazo zimene munaziyeza, ndipo zimene simunaziganizire zimatsalira m'katimo.

Pa funso la chimene chinayamba, yezani ana omwewo kawiri, koyambirira kwa chaka ndi kumapeto. Ngati ana amene anayamba ndi malikisi ofanana asiyana pambuyo pake motsatira tulo tawo, mwasendera pafupi ndi yankho. Umu ndi mmene zinayendera ndi fodya: Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa mu 1950 kuti kusuta kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo, kenako kuyambira 1951 anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka zambiri. Palibe amene anasutitsidwa dala, koma umboni unaunjikana kuchokera mbali zambiri: osuta kwambiri ankadwala kwambiri, kusuta kunkayamba matenda asanabwere, osiya chiopsezo chinkatsika. Kafukufuku mmodzi wa pasukulu imodzi ndi njerwa imodzi ya khoma lotere.

Msampha wotsiriza ndi wa magulu. Mukayerekeza masukulu 20, avereji ya tulo ndi avereji ya malikisi pa sukulu iliyonse, zotsatirazo ndi za masukulu, osati za mwana payekha. W. S. Robinson anaonetsa izi mu 1950 ndi kalembera wa ku America wa 1930: zigawo zokhala ndi obwera ambiri ochokera m'mayiko ena zinali ndi odziwa kuwerenga ambiri, pamene munthu payekha wobwera ndiye anali ndi mwayi wochepa wodziwa kuwerenga. Obwerawo ankangokhamukira ku zigawo kumene eni dera anali ophunzira kale.

Kalembedwe ka zotsatira

Mu lipoti mutchule amene munawayeza, kuchuluka kwawo, nyengo, muyezo, mtundu wa r, nambala yake ndi p, ndipo galafu ikhale pomwepo. Mneni musankhe mosamala. "Zimayendera limodzi", "zimayenderana", "amene anagona pang'ono ankapezanso malikisi ochepa" ndi mawu amene manambala anu angawaikire kumbuyo. "Kumachititsa", "kumabweretsa", "kumawononga", "chifukwa cha" ndi mawu a kafukufuku wina amene simunachite.

Chiganizo chake chingamveke motere, mutaikamo manambala anu: "Mwa ophunzira a Fomu 3 okwana chakuti, osankhidwa mwamaere m'masekondale oyendera atatu a m'mbali mwa nyanja ku Salima, avereji ya maola a tulo pa masabata awiri a teremu yachiwiri inayenderana ndi malikisi a masamu, r wa Pearson chakuti, p chakuti, titachotsapo gawo la chuma cha pabanja ndi mtunda wopita kusukulu, r anatsala chakuti." Pamsonkhano wa makolo mawu omwewa muwapeputse, munyamule galafu yojambulidwa pa pepala lalikulu, ndipo mulozenso timadontho ta ana amene amagona pang'ono koma akukhoza, chifukwa kholo la mmodzi wa iwo lidzakhala pomwepo ndipo lidzafunsa.